Galu Amene Anadulidwa pa Chithunzi

M'nyumba mwanga timakhala awiri, ine ndi Sokosi, ndipo wolamula si ine ayi. Sokosi ndi galu wakuda bii, koma mapazi ake onse anayi ndi oyera ngati mwana wovala masokosi a kusukulu. M'mawa uliwonse amandidzutsa pondigunda ndi mphuno yake yozizira. Ndikachita ulesi, amakatenga nsapato n'kudzaiika pa pilo. Imakhala ya kumanzere nthawi zonse. Ya kumanja sindidziwa kuti inamulakwira chiyani.

Ndi Sokosi yemweyu amene anandipezera chibwenzi. Loweruka lina tikuyenda mu paki ya kuseri kwa sukulu, tinapeza mnyamata atagona chafufumimba pa udzu, kamera ili pa diso, akuwenderera kambalame. Sokosi anaona ngati munthuyo wakomoka, ndipo anathamanga kukamutsitsimutsa pomunyambita khutu. Kambalame kanauluka. Mnyamatayo anatembenuka, n'kutiloza ndi kamera ija.

"Mwandithamangitsira mbalame, ndiye mulowe m'malo mwake," anatero. "Mwetulirani."

Ndinamwetulira, ndipo sindinasiyebe mpaka lero. Kuyambira tsiku limenelo ine ndimamutchula Mwetulirani, iye amanditchula Amake Sokosi. Ntchito yake ndi yojambula anthu panja, m'nyumba sakondamo. Amati getsi limanamizira nkhope ya munthu, koma dzuwa la madzulo limanena zoona.

Miyezi isanu ndi iwiri tsopano, Loweruka lililonse madzulo ndi lathu atatu. Iye amabwera ndi kamera, mabisiketi ali m'thumba. Kuti Sokosi ayang'ane bwino, amaika kabisiketi pamwamba pa kamera, ndipo galuyo amakhala phee, makutu ali njo, ngati akujambulitsa chithunzi cha pasipoti. Ine sandiikira kabisiketi. Amati ine ndimayang'ana ndekha.

*

Loweruka limene nkhaniyi inayamba, tinakhala pa benchi yathu ya pansi pa mtengo, Sokosi atagona pa mapazi anga.

"Amayi akufuna kukuona mawa," anatero Mwetulirani.

"Mawa lino? Wawauza zotani za ine?"

"Zonse. Kuti ndiwe wokongola, ndiwe wamakani, ndipo mu tiyi umathira shuga masupuni atatu. Ndawapatsanso chithunzi chako. Chija cha pa benchi pano."

"Chija ndili ndi Sokosi? Ndiye za iyeyu anena chiyani?"

Anatulutsa kansalu n'kuyamba kupukuta galasi la kamera. Galasilo linali lowala kale. Mnyamatayu ndinali nditamuphunzira: akayamba kupukuta galasi loyera, ndiye kuti pali mawu amene akuwazemba.

"Mawa Sokosi atsale," anatero osandiyang'ana. "Nyumba ya amayi ndi yaing'ono."

Ndikanamufinya bwinobwino, koma foni yanga inalira. Unali uthenga wochokera ku nambala imene ndinaifufuta kalekale, koma maso anga ankaidziwabe. *Ndabwerako. Mnyamata wathu ali bwanji?* Ndinaitembenuza foniyo kuti iyang'ane pansi.

Apa ndiyenera kuulula kanthu, chifukwa inu si Mwetulirani. Sokosi sanagwe kumwamba. Anandipatsa ndi Dokotala, mnyamata wophunzira za matenda a ziweto amene ndinali naye pa chibwenzi kale. Iye ndi amene anamulera ali kamwana, kumumwetsa mkaka ndi kumuphunzitsa kubwera akaitanidwa. Pomwe ankapita kunja kukapitiriza maphunziro, anandipatsa chingwe m'manja n'kunena kuti, "Undisungire." Analemba mauthenga miyezi itatu, kenako zii zaka ziwiri. Ndinalira, ndinaleka, ndinalera galu. Mwetulirani atandifunsa kumene ndinamutenga Sokosi, ndinangoti, "Anandipatsa mnzanga." Si bodza limenelo, koma si zoona zonse.

Tsono tinakhala pa benchi paja, wina akupukuta galasi, wina atabisa foni, tonse tikumwetulira.

*

Mayi ake a Mwetulirani anali telala kwa zaka makumi atatu, ndipo nyumba yawo imachitira umboni. Mpando uliwonse wavala, wailesi yavala, ngakhale ketulo ili ndi kadiresi kake. Anandilandira ndi manja awiri, anandikhazika pa mpando wa pakati, anandithirira tiyi, n'kuikamo okha masupuni atatu a shuga. Mtima unayamba kukhala m'malo.

Kenako anatenga chithunzi cha mu felemu pamwamba pa kabati n'kundipatsa.

"Ndinu inu, eti?"

Ndinali ine. Diresi lachikasu, benchi yathu, dzuwa la madzulo lija losanama. Koma pambali panga, pomwe pankayenera kukhala Sokosi, panali chitsamba cha maluwa. Dzanja langa, lomwe tsiku lija linali pamutu pa galu wanga, linkasisita maluwa ngati la munthu wozungulira mutu.

Ndinayang'ana Mwetulirani. Analibe kamera yoti apukute, ndiye ankapukuta supuni.

"Chithunzi chokongola," anatero Amayi, akuvala magalasi. "Koma ine, mwana wanga, ndasoka zaka makumi atatu. Pamene padulidwa ndimapadziwa, pamene aikapo chigamba ndimapadziwanso." Analoza m'munsi mwa chithunzicho. "Kaphazi koyera aka, kali pa nsapato yanu aka, n'ka maluwa?"

Kanalipodi. Katswiri wathu anafufuta mutu, thupi ndi mchira, koma anaiwala phazi limodzi.

"N'ka galu wanga, Amayi," ndinatero. "Dzina lake ndi Sokosi. Amagona m'nyumba, ndipo ndimamukonda kwambiri."

"Zikomo ponena zoona. Uyu ndinamulera ndekha, n'chifukwa chake kunama sakutha bwino." Anavula magalasi aja, nkhope yawo n'kusintha. "Inu ndakukondani. Koma ndineneretu lero kuti tisadzadane mawa. M'banja lino galu salowa. Mwana wanga sadzakhala nyumba imodzi ndi galu."

"Amayi, tamverani..." anayamba Mwetulirani.

"Iwe imwa tiyi."

Zinandipweteka kwambiri. Ndinakweza maso kuti misozi isagwe, ndipo maso angawo anakafikira pa khoma. Panali zithunzi zambiri, koma chimodzi chinandikoka. Chinali cha Mwetulirani ali kamnyamata ka zaka ngati zisanu ndi chimodzi, ka makutu akuluakulu, kakuseka mano a kutsogolo palibe. Mbali imodzi ya chithunzicho inali yodulidwa ndi sizasi ya atelala ija ya mano, yosiya m'mphepete mokhotakhota. Dzanja la kamnyamatako linkathera pomwepo.

"Nanga apa panadulidwa chiyani, Amayi?"

Sindinafunse mwachipongwe, koma funso likatuluka silibwerera m'kamwa.

"Chinanyowa ndi mvula," anayankha Mwetulirani. "Amayi anadula mbali yowonongeka."

Ndinayandikira. Pansi pa zala za kamnyamatako panatsala tiubweya tofiirira ndi kansonga ka khutu.

"Mvula ya ubweya," ndinatero chapansipansi.

Amayi anadzuka n'kuyamba kutolera makapu, ngakhale kuti tiyi anali asanathe.

*

Pobwerera sindinamulankhule. Nditafika kunyumba ndinakumbatira Sokosi mpaka anadabwa, kenako ndinatenga foni.

*Unamusandutsa maluwa mwana wanga.*

*Ndinkafuna akuone iwe kaye. Galuyo ndikanamubweretsa pang'onopang'ono.*

*Kuyambira phazi?*

*Phazilo inali ngozi.*

*Munthu wochita manyazi ndi galu wanga akuchita manyazi ndi ine. Wondifuna ine atenge zonse, osadulako.*

Mawu amenewo ndinawalemba monyadira ngati woweruza milandu, uthenga wa Dokotala uli pomwepo m'munsi mwake, wosayankhidwa. Ndinaiwala kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Masiku awiri ndinamusungira mkwiyo. Lachitatu m'mawa ndinapeza envelopu pansi pa chitseko, ngodya imodzi Sokosi atailawa kale. M'katimo munali chithunzi chomwe chija cha pa benchi. Ulendo uno Sokosi analipo yense, atakhala mwaulemu wake, koma ine ndinali nditasanduka chitsamba cha maluwa. Panangotsala dzanja langa pamutu pake. Kuseri kunalembedwa kuti: *Tsopano mwafanana. Ndinalakwa. Ndikhululukireni nonse awiri.*

Ndinaseka mpaka kukhala pansi. Paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Nditatsegula chitseko ndinamupeza ali chilili pa geti, paketi ya mabisiketi ili m'manja. Sokosi, amene sadziwa kuti mkwiyo umasungidwa bwanji, anamukhululukira ine ndisanatsegule n'komwe pakamwa.

Tinakhala pa sitepe ya pakhomo, galu ali pakati.

"Ukudziwa chifukwa chake zinandiwawa chotero?" ndinatero. "Ndili mwana tinkakhala m'kanyumba kopanda bwalo, ndipo galu ankandikaniza. Ndiye ndinamanga chingwe pa katoni ya nsapato n'kumaikoka m'msewu. Ndinkaiikira madzi m'kambale. Tsiku lina mvula inaivumbwa mpaka kufwafwanthika, ndinalira ngati kwagwa maliro. Uyu ndamudikira zaka makumi awiri."

"Katoniyo inali ndi dzina?"

"Usandiseke. Inali Bwana."

Anaseka ndithu, kenako anayamba kusisita khutu la Sokosi.

"Tiubweya tija tandisowetsa mtendere," anatero. "Ndakula ndikudziwa kuti kwathu sitisunga agalu, osafunsa chifukwa. Koma pali zinthu zimene ndimakumbukira zopanda mutu. Kambale kabuluu pansi pa sitepe. Amayi amati kanali ka nkhuku, koma ife nkhuku sitinawetepo. Ndimakumbukiranso ndikugona masana pa khonde, mutu wanga uli pa chinthu chofunda chimene chinkapuma. Tsiku lija Sokosi atandinyambita khutu sindinachite mantha. Ndinamva ngati wina wandipeza."

"Unawafunsa?"

"Dzulo. Anasoka batani limodzi kwa ola lathunthu. Kenako anati, 'Loweruka ndibwera ku paki kwanuko, ndikamuone mwini phazi.'"

*

Loweruka Sokosi anasamba kawiri, ngakhale kuti anadandaulira anansi onse. Ndinamupesa, n'kumulangiza kuti asadumphire munthu, asanyambite khutu la wina aliyense, ndipo nsapato azichita ngati sakuziona. Uthenga wachiwiri wa Dokotala unafika ndikumumanga chingwe. *Umapitabe ku paki ija Loweruka?* Ndinaufufuta. Ndinkaganiza kuti chinthu ukachifufuta ndiye kuti chachoka, ngati kuti sabata imeneyo sinandiphunzitse kanthu.

Amayi anabwera ndi ambulera ndi chikwama chachikulu. Anakhala kumapeto kwenikweni kwa benchi, mapazi atawabisa pansi pake. Sokosi anakhala chapatali n'kumawayang'ana, mutu utapendekeka.

"Ndi ameneyu," anatero Amayi. "Phazi ndalizindikira."

Anatsegula chikwama n'kutulutsa kachitini kosungiramo masingano. Pansi pa masinganowo panali kapepala kopindidwa, ndipo m'kapepalamo munali chidutswa cha chithunzi, m'mphepete mwake muli mokhotakhota. Anachipereka kwa mwana wawo. Panali galu wofiirira, khutu limodzi loima, lina logwa, lilime lili panja.

"Dzina lake anali Kapitawo, chifukwa ankayang'anira aliyense," anatero. "Unayamba kuyenda utagwira mchira wake. Utayamba sukulu ankakuperekeza mpaka pa geti, masana n'kukakudikira pomwepo. Tsiku lina anakuona uli tsidya lina la msewu, n'kuthamanga kuti akakulandire. Woyendetsa galimoto sanamuone."

Mwetulirani ankangoyang'ana chidutswacho m'manja mwake.

"Unasiya kudya. Unasiya kulankhula. Masabata atatu unkangokhala pansi pa chithunzi chija n'kumachiyang'ana. Bambo ako anali atatisiya kale, ndinalibe wina koma iwe. Ndiye ndinatenga sizasi." Anatembenukira kwa ine. "Ine sindidana ndi agalu, mwana wanga. Ndimadana ndi kufa kwawo msanga. Ndinalumbira kuti mwana wanga sadzaliranso chotero."

"Koma chidutswacho munachisunga," ndinatero.

"Telala sataya nsalu."

Ndinalira, sindibisa. Mwetulirani anasendera pafupi ndi mayi ake n'kuwagwira phewa.

"Amayi, ndinachira, ndipo munandichiritsa ndinu. Ndikadzalira ndidzalira. Koma pano ndine wamkulu, ndipo sindidzalira ndekha."

Tonse tili otanganidwa ndi misozi, Sokosi anaona mpata. Anakwawa chamimba, analowa pansi pa benchi, n'kutuluka nsapato ya Amayi ili kukamwa. Ya kumanzere. Anazungulira nayo mtengo kawiri, kenako anabwera kudzaiika pamiyendo pawo, akupukusa mchira ngati wachita ntchito yotamandika.

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika kuti ndilowe. Amayi anayang'ana nsapato, anayang'ana galu, kenako anafa nalo phwete. Atamaliza kuseka anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi kansalu. Make mbuu, mwana mbuu: nawonso akafuna kubisa za mumtima amapukuta galasi.

"Wamwano ngati Kapitawo," anatero. Anatambasula dzanja pang'onopang'ono n'kuliika pamutu pa Sokosi, ndipo silinachokepo. "Sindinavomere kanthu. Ndikungoona ngati ali ndi nkhupakupa."

"Tamva, Amayi," ndinatero, ndikudziluma mlomo kuti ndisaseke.

"Ubweya wake ndi wosalala. Mumamusambitsa ndi chiyani?"

"Sopo wake ali naye, Amayi. Thaulo lakenso."

"Thaulo logula?" Anapukusa mutu monyansidwa. "Kunyumba kuli nsalu zotsala zambirimbiri. M'nyengo yozizira amafunda chiyani ameneyu? Ndidzamuyeza khosi. Iwe, wangoti kakasi bwanji? Jambula. Koma ulendo uno usadule munthu."

*

Mwetulirani anaimika kamera pa miyendo yake itatu, n'kuitchera kuti ijambule yokha pakatha masekondi khumi. Dzuwa linali litapendeka bwino, udzu ukuwala. Anaika kabisiketi pamwamba pa kamera, anathamanga n'kudzakhala pakati pa ine ndi mayi ake. Sokosi anakhala patsogolo pathu, maso ali pa bisiketi, dzanja la Amayi lili pamutu pake. Sindikumbuka tsiku lina limene ndinasangalala chotero.

"Mwetulirani," anatero Mwetulirani, tonse n'kuseka.

Pomwepo panamveka likhweru kuchokera ku geti la paki, kawiri mwachidule, kamodzi motalika. Likhweru limenelo ndinali ndisanalimve kwa zaka ziwiri, koma ndinalidziwa, ndipo Sokosi analidziwa kuposa ine. Anasiya bisiketi, chinthu chimene sanachitepo chibadwire, n'kuliyatsa liwiro, chingwe chikukhwekhwereka pambuyo. Kamera inajambula.

Pa geti panaima mwamuna wamtali wa malaya oyera. Anagwada, manja atatambasula, ndipo Sokosi anamugwera pa chifuwa, akulira kulira kuja kwa chimwemwe komwe ndinkaganiza kuti amandilirira ine ndekha.

"Mnyamata wanga wakula!" mawu a Dokotala anamveka paki yonse. Anadzuka atagwira chingwe, n'kuyamba kubwera kumene tinali, akundimwetulira ngati tinasiyana dzulo. "Ndinati undisungire, wokondedwa, ndipo wandisungiradi."

Dzanja la Amayi linali likadali m'malere, pomwe panali mutu wa galu. Analibweza pang'onopang'ono, n'kukonza magalasi awo kuti aone bwino.

"Galu sathamangira mlendo chotero," anatero.

Mwetulirani anadzuka n'kupita pa kamera kukaona chimene chinatuluka. Ataitembenuza, ndinachiona ndili pomwe ndinakhala: anthu atatu pa benchi, awiri akuseka, mmodzi nkhope itagwa, patsogolo pathu pali mpata, ndipo m'mphepete muli kaphazi koyera kakutuluka. Ndinadikira kuti atulutse kansalu kake apukute galasi. Sanatero. Anandiyang'ana m'maso, ndipo kwa nthawi yoyamba chidziwanireni sanandiuze kuti ndimwetulire.

"Amake Sokosi," anatero motsitsa mawu, "unandiuza kuti wokufuna iwe atenge zonse, osadulako. Nanga uyu unamudula liti?"